Minda, Makalabu ndi Masitolo: Mbiri ya Anthu a M'mphepete mwa Tiyi ku Thyolo ndi Mulanje

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe, kudzera pa Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza mpaka kukafika kumalire a dziko pa Muloza, amawerenga zikwangwani zambiri, ndipo zochuluka mwa izo ndi za minda ya tiyi. Mayina ena ndi a konkuno: Naming'omba, Satemwa, Nchima, Chisambo, Lujeri. Ena adachita kuwoloka nyanja: Lauderdale, Thornwood, Glenorchy, Bloomfield, Esperanza. Munda uliwonse mwa imeneyi uli ndi mabuku ake, momwe mudalembedwa chaka chimene udatsegulidwa, dzina la mwini wake woyamba, kukula kwa malo ndi kulemera kwa masamba amene adathyoledwa chaka ndi chaka. Amene adagwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kubzala tiyiyo amapezekamo ndithu, koma ngati chiwerengero chabe cha olembedwa ntchito pa mwezi. Zimene anthuwo adadzipangira okha m'mphepete mwa mindayo, monga kadimba ka m'mbali mwa mtsinje, kantini ya pa mphambano ndi timu ya mpira ya pamudzi, sizidalowe m'buku la wina aliyense. Chikhalirecho ndi tinthu timeneti timene tidaphunzitsa ana, kulipira msonkho ndi kuimika mabanja ambiri a maboma awiriwa.

Nkhaniyi imayamba ndi nthaka. Pamene boma la Britain lidalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, n'kuti Azungu angapo atadzitengera kale malo aakulu m'dera la mapiri a kummwera. Adawagula kwa mafumu ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Madera ambiri a Thyolo ndi Mulanje pa nthawiyo adali ndi anthu ochepa, osati chifukwa chosowa eni ake, koma chifukwa nkhondo za ukapolo ndi za Angoni zidathamangitsira anthu m'mapiri ndi m'malinga. Ku Mulanje kudali mafumu a Chiyao onga Chikumbu, Mkanda ndi Matipwiri, komanso a Chimang'anja onga Mabuka. Mwa mwambo, mfumu inkaloza mlendo malo oti alime, osati oti akhale ake mpaka muyaya. Motero wopereka nsalu ndi wolandira nsalu ankamva zinthu ziwiri zosiyana pa mgwirizano umodzi. Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, adafufuza za kugulana kumeneku, ndipo kuyambira mu 1892 adayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificate of Claim. Ndi zikalatazo malo a Eugene Sharrer, amene pambuyo pake adakhala a British Central Africa Company, malo a John Buchanan ndi abale ake, amene adadzakhala a Blantyre and East Africa, ndiponso malo a banja la Bruce ku Magomero ndi Likulezi, adasanduka chuma cha eni akewo mwalamulo. M'zikalata zambiri mudali mawu oti midzi ndi minda imene idalipo kale isasokonezedwe. Mawu ochepawo ndiwo adadzagawa anthu pawiri: opezeka kale ndi obwera.

Poyamba mbewu imene aliyense ankaidalira idali khofi. Mbande zoyamba zidachokera ku Edinburgh mu 1878 m'manja mwa Jonathan Duncan, wosamalira minda ya mishoni ya Blantyre, ndipo mbewuyi idatchuka kufikira idajambulidwa pa chizindikiro cha boma. Chitangodutsa chaka cha 1900 zonse zidasintha: khofi wa ku Brazil adatsitsa mtengo pa misika ya kunja, ndipo tizilombo ndi chilala zidamaliza zotsala. Ena adatembenukira ku thonje, ena ku fodya. Tiyi adalowa mwakachetechete. Mu 1891 Henry Brown, amene adalimapo khofi ku Ceylon, adatenga njere pa zitsamba zochepa za tiyi zimene zidali pa mishoni ya Blantyre n'kukazibzala ku Mulanje, pa Thornwood ndi pa Lauderdale, munda wa John Moir wa kampani ya Mandala. Mvula ya chiperoni ndi nthaka yofiira ya m'tsinde mwa phiri zidamuyanja. Njanji yochokera ku chigwa cha Shire itafika ku Blantyre mu 1908, kudzera pa Luchenza, njira yotumizira katundu kunja idatseguka. Koma kukula kwenikweni kudadza m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Maclean Kay adatsegula Satemwa mu 1923, kampani ya Lyons ya ku London idayamba kulima pa Lujeri, Mtaliyana Conforzi adakuza minda yake ku Thyolo, ndipo mgwirizano wa mayiko olima tiyi wa mu 1933 utakweza mtengo, ambiri amene ankalima fodya ku Thyolo adamusiya n'kubzala tiyi.

Mbewu zonsezi zidali ndi vuto limodzi, ndipo pa tiyi lidakula koposa. Tiyi amaphuka kwambiri m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo nsonga yake, masamba awiri ndi kamphukira, ikapitirira masiku ake imakhwima n'kutsika mtengo. Nyengo yomweyo ndi imene mlimi aliyense amafuna kukhala m'munda mwake, kupalira ndi kubandira chimanga. Eni minda adazindikira msanga kuti munthu wokhala ndi munda wake sasiya udzu pakhomo mu Januwale kukalimira wina, ngakhale umulonjeze nsalu. Boma lidayesa kuwathandiza ndi msonkho: kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi ankakhoma masheleni 3, pamene wokhala pakhomo ankakhoma 6. Izi sizidakwanire. Chimene chidapulumutsa mindayo ndi kubwera kwa Alhomwe.

Iwo adayamba kulowa m'dziko muno mochuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuchokera kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa ndi kumapiri a Namuli, pothawa nkhondo za Apwitikizi, msonkho wawo, ntchito yokakamiza ndi njala. Adali Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola, Amarenje, Alikhuku ndi ena, aliwonse ndi kalankhulidwe kawo, ngakhale atsamunda adawaunjika onse pansi pa dzina limodzi lonyoza, limene boma lidalisiya m'zaka za m'ma 1940 Lewis Bandawe ndi anzake atalimbana nalo. Kalembera wa mu 1921 adapeza Alhomwe oposa 120,000. Wa mu 1945 adapeza pafupifupi 380,000. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo awa, monganso Azungu amene adawalandira pa minda yawo, sadakamuke.

Kwa mwini munda, obwerawa adali mwayi waukulu, pakuti mawu oteteza midzi yakale aja sankawakhudza. Mu 1903 woweruza Nunan wa khoti lalikulu la ku Blantyre, pa mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, adagamula kuti anthu opezeka kale pa malo sayenera kulipiritsidwa lendi kapena kukakamizidwa ntchito. Wobwera pambuyo adalibe pogwira, ndipo akathamangitsidwa, kobwerera kudali kwa Apwitikizi komwe adathawa. Posakhalitsa eni minda ambiri adaleka n'kusiyanitsa komwe pakati pa magulu awiriwa.

Liwu loti thangata lidali labwino. Lidatanthauza kuthandizana: anthu kusonkhana m'munda mwa mnzawo kapena mwa mfumu, ntchito ikatha n'kumwera limodzi mowa. Pa minda ya Azungu lidatembenuzidwa. Mwamuna aliyense wokhala pa malo a mwini ankagwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, ndipo nthawi yake idali dzinja lomwe lija. Mweziwo sunkawerengedwa poyang'ana kumwamba ayi, koma pa tikiti, kapepala kamene kapitawo ankachonga dzuwa likapendeka. Munthu akalephera kutsiriza ndime imene wapatsidwa, tsikulo silinkachongedwa, kotero kuti mwezi wa pa tikiti unkatha masabata 6 kapena kupitirira, chimanga cha kunyumba chikulowa m'thengo. Pa minda ina ankaitananso akazi amasiye ndi osakwatiwa. Wokana ankamugwetsera nyumba ndi kumuzulira mbewu. Mpaka lero ntchito yolemetsa ya malipiro osaoneka imatchedwa thangata, ndipo tanthauzo loyamba lija ambiri adaliiwala.

Si onse amene adavomera kukhala m'mphepete. M'zaka zoyamba za m'ma 1900 kudabuka kagulu ka anthu akuda ophunzira pa mishoni amene adapeza malo awoawo, nayamba minda ndi masitolo. Joseph Bismarck adali ndi munda pafupi ndi Blantyre. John Gray Kufa, wothandiza madokotala wophunzitsidwa pa mishoni ya Blantyre, adali ndi wake ku Nsoni, m'boma loyandikana nalo la Chiradzulu. Duncan Njilima adali ndi masitolo ndi minda, ndipo adatumiza ana ake aamuna awiri kukaphunzira ku America. Mu 1909 anthu otere, pamodzi ndi M'busa John Chilembwe, adakhazikitsa bungwe la Natives' Industrial Union kuti azithandizana pa malonda. Ankavala masuti ndi kulemba makalata m'Chingerezi, komabe ankayembekezeredwa kuvula chipewa akakumana ndi Mzungu aliyense pa msewu. Nkhondo ya Chilembwe, imene idayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915 pamene William Jervis Livingstone, woyang'anira munda wa Magomero, adaphedwa, idakokera ena a iwo m'moto. Kufa ndi Njilima adaweruzidwa naphedwa ndi boma, chuma chawo n'kumwazika. Chaka cha 1915 chimakumbukiridwa ngati nkhani ya mpingo ndi ndale, ndipo n'zoona. Koma chidalinso imfa ya m'badwo woyamba wa amalonda akuda a m'dera lino, ndipo padapita zaka zambiri asadaphukenso ena ofanana nawo.

Lamulo la mu 1928 lokhudza anthu okhala pa malo a eni lidayesa kuika malire. Lidati lendi ikhoza kulipiridwa ndi ndalama, ntchito kapena mbewu. Koma lidapatsanso mwini malo mphamvu yochotsa gawo limodzi mwa magawo 10 a anthu ake pa zaka 5 zilizonse. Chopweteka koposa chidakhudza banja. Mnyamata akakwanitsa zaka 16, ufulu wake wokhala pa malo amene adabadwira unkatha, ndipo mwamuna wochokera kwina wokwatira mwana wamkazi wa pamudzipo sankamanga nyumba popanda chilolezo cha mwini munda. Kwa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao, amene mudzi wawo umaima pa mbumba ndipo mkamwini ndiye amatsata mkazi, kumeneku kudali kulowa m'kuka osaodira. Ankhoswe ankatha kugwirizana zonse, koma mawu otsiriza a komwe banja latsopano likagone adali kwa Mzungu.

Malonda a mabanja adabadwira pa zipata za minda yomweyi. Phoso la ufa, nyemba ndi mchere limene antchito ena ankalandira silinkakwana, ndipo amuna ochokera kutali adalibe owaphikira. Alhomwe adali akatswiri pa chinangwa, nandolo ndi kalongonda, mbewu zopirira zimene zimabereka ngakhale pa kamalo kakang'ono ndi pa nthaka yotopa. Tsiku la malipiro amayi ankayala malonda patsinde pa mtengo pafupi ndi ofesi: makaka, chinangwa chophika, nthochi, zitumbuwa ndi thobwa. Masese ndi kachasu zinkadikira kumudzi. Amuna a njinga ankachokera ku nyanja ya Chilwa, kudutsa chigwa cha Phalombe, atamanga madengu a matemba ndi milamba youma kumbuyo, podziwa kuti kumene kwalandiridwa ndalama ndiwo sizigona. Mpaka pano misika ya m'mbali mwa minda imadzaza ndi kuphwa potsata tsiku limene antchito alandira.

Sitolo yeniyeni, ya njerwa ndi malata, idali ya ena. Kudali Mandala ndi Kandodo, ndipo m'masitolo a Azungu a m'tauni munthu wakuda kawirikawiri ankagulira pa zenera. Kumidzi kudali Amwenye, ambiri ochokera ku Gujarat, amene adayambira ku Chiromo ndi Blantyre natsata njanji ndi misewu mpaka pa Luchenza, pa boma la Thyolo ndi pa Chitakale. Awanso adali malonda a pabanja: bambo pa kauntala, mphwake wongofika kumene akuphunzira ntchito m'kasitolo ka kutali, katundu akuchokera pa ngongole kwa wachibale wa ku Limbe. Mphamvu yawo idagona pa ngongoleyo, ndipo ndi imene munthu wakuda adamanidwa. Lamulo la atsamunda linkaletsa makhoti kuthandiza wamalonda wa mtundu wina kulonjerera ngongole yopitirira kandalama kochepa kwa munthu wakuda. Lidanenedwa kuti likuteteza anthu kuti asamire m'ngongole, koma zotsatira zake zidali zakuti palibe mwini holoselo amene ankalola kupereka katundu kwa munthu wakuda osalandiriratu ndalama.

Choncho ambiri adayambira pa khonde. Telala ankakhala ndi makina ake a Singer kunja kwa sitolo ya Mmwenye. Mayi ankagula nsalu m'kati n'kudzasoketsa panja, onse awiri n'kupindula. Makina ambiri otere, pamodzi ndi njinga, adabwera ndi amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Southern Rhodesia. Wosamala ndalama ankachoka pa khonde n'kutsegula okala ya sopo, mchere, machesi ndi palafini. Okala inkabala kantini kapena tiyirumu. Ndipo amene zamuyendera ankafika pogula chigayo, chomwe pamudzi chidali chizindikiro chakuti munthu wafikapo. Mkazi ndi ana ndiwo adali antchito, ndipo buku la ndalama, ngati lidalipo, lidali kope la kusukulu.

Azungu a m'minda ankakumana ku kalabu. Blantyre Sports Club idayamba mu 1896, ndipo Limbe, Thyolo ndi Mulanje adadzakhalanso ndi makalabu awo, okhala ndi mabwalo a gofu, tenesi ndi kiriketi, ndi chipinda chomweramo. Sadali malo a masewero okha. Kumeneko oyang'anira minda yoyandikana ankamvana za malipiro ndi za antchito othawa, bwana DC ali pomwepo ndi tambula m'manja. Amwenye, pokanizidwa kulowa, adayambitsa Indian Sports Club yawo. Munthu wakuda ankalowa ngati wophika, woperekera zakumwa, wotchetcha kapinga, kapena mnyamata wonyamula thumba la ndodo za gofu. Anyamata amenewa, poti maso alibe mpanda, adaphunzira masewerowo pongoyang'ana ndi kuyeserera ndi ndodo zosema okha, ndipo ena mwa odziwa gofu a dziko lino adayambira pa ntchito imeneyi. Ufulu utayandikira zitseko zidatsegulidwa, chotchinga n'kusanduka ndalama ya umembala.

Pa phiri la Mulanje zidayenda chimodzimodzi. Kalabu ya okwera phiri idayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, koma katundu wa okwerawo ankasenzedwa ndi amuna a m'midzi ya m'tsinde. M'zaka za m'ma 1990 kudayamba mpikisano wa osenza katunduwo, wotchedwa Porters Race, woyambira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula pomwepo, mtunda woposa makilomita 20. Lero ndi wotsegukira aliyense, amuna ndi akazi, ndipo othamanga ochokera kutali amadziwa bwino msana wa ana a m'midzi imeneyi.

Masewero a anthu wamba adali mpira. Udabwera ndi amishoni ndi asilikali, n'kufalikira kudzera m'masukulu. Sunkafuna kapinga wothirira: bwalo la sukulu, zigoli za nsungwi kapena za bulugamu, ndi chikulunga cha nsanza zidali zokwanira. Eni minda adaona kuti timu imasunga anyamata pa ntchito, nayamba kulimbikitsa mipikisano ya pakati pa mafakitale ndi magawo a minda yawo. M'nthawi ya atsamunda Azungu ndi anthu akuda adali ndi mabungwe a mpira osiyana. Mu 1962 timu ya dziko lino idagonja 12 kwa 0 ndi Ghana. Mu 1978 ndi 1979 idatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa. M'zaka zimenezo matimu aakulu ankadziwika ndi mayina a makampani owathandiza, monga Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers ndi ADMARC Tigers, ndipo kumudzi zinkachitika zomwezo pa muyeso waung'ono. Mwini golosale kapena chigayo ndiye ankagula mpira ndi yunifolomu, kubwereka lole yopita nayo ku masewero, ndi kupereka mbuzi ya opambana. Atsikana a ntchemberembaye nawonso ankayang'ana kwa iye yemweyo. N'chifukwa chake mbiri ya timu ya pamudzi ndi ya sitolo ya pamudzi nthawi zambiri ndi imodzi: sitolo ikagwa, timu inkabalalika. Zidatenga nthawi yaitali kuti anthu a ku Mulanje aonere timu yakwawo mu ligi yaikulu pa bwalo lakwawo, monga zidachitikira mu 2024 ndi FOMO, timu yochokera ku bungwe losamalira ana amasiye, pa Mulanje Park.

Nkhani ya nthaka ija, m'zaka zonsezi, idali ikufuka utsi. Nkhondo yachiwiri itatha, malo a mafumu adali atadzaza, pamene makampani adali ndi nkhalango zosalimidwa. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams adalangiza boma kuti ligule malo ogonera otere n'kukhazikapo anthu. Boma lidayamba kugula, koma mwapang'onopang'ono, ndipo njala ya mu 1949 idapeza anthu ali pothina. Mu Ogasiti 1953, pa munda wa Mangunda pafupi ndi Luchenza, anthu awiri adagwidwa powaganizira kuti aba malalanje. Mphekesera idafala kuti aphedwa, khamu lidasonkhana, ndipo m'masabata otsatira misewu idatsekedwa ndi mitengo, mawaya a telefoni adadulidwa, antchito adanyanyala, mafumu ogwirizana ndi boma adaopsezedwa. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidakhazikitsidwa chaka chomwecho, pamodzi ndi malamulo okakamiza a malimidwe, zidasonkhezera motowo mpaka udafika m'maboma ena a kummwera. Anthu 11 adaphedwa. Malalanje adangokhala poyambira. Mlandu weniweni udali wa malo ndi thangata. Mchitidwewu udathetsedwa ndi lamulo la mu 1962, nduna zachikuda zitalowa m'boma pambuyo pa chisankho cha mu 1961.

Ufulu wa mu 1964 sudasunthe malire a minda. Boma la Dr Banda lidaona kuti tiyi ndi mmodzi mwa obweretsa ndalama zakunja, ndipo lidasiya makampani pamalo pawo. Chimene lidachita ndi kutsegulira alimi ang'onoang'ono khomo. Bungwe la Smallholder Tea Authority, lokhazikitsidwa mu 1967, linkapereka mbande ndi feteleza pa ngongole, ndipo m'zaka za m'ma 1970 fakitale ya MATECO idamangidwa ku Mulanje kuti izikonza masamba awo. Kulowa m'ulimi umenewu kudafuna kulimba mtima, popeza tiyi amatha zaka zingapo asadayambe kubweza, ndipo banja la kamunda kamodzi linkayenera kusankha pakati pa chimanga cha chaka chino ndi ndalama ya mtsogolo. Poti kuno malo amatsata mbumba, ambiri mwa alimi amenewa lero ndi amayi. Bungwe lija lidafooka ndi ngongole ndi kuchedwa kulipira alimi, mpaka lidathetsedwa mu 2002. Alimiwo adapanga magulu awo, monga Sukambizi ku Mulanje ndi Msuwadzi ku Thyolo, nayamba kugulitsa masamba ku mafakitale a minda ikuluikulu. Mdzukulu wa munthu wa tikiti tsopano amakambirana ndi kampani za mtengo wa kilogalamu, chinthu chimene agogo ake sakadachilota. Koma sikelo ndi fakitale zikadali za kampani.

Ku masitolo kusintha kudadza mwadzidzidzi. Mu 1970 boma lidalamula Amwenye kuti ayambe kuchoka m'madera a kumidzi, ndipo pofika mu 1978 adaloledwa kuchita malonda m'mizinda ya Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu basi. Cholinga chidali chakuti Amalawi atenge malondawo. Nyumba zidagulidwadi, zambiri ndi anthu opuma pa ntchito za boma ndi odziwika m'chipani, koma chimene chinkadzaza mashelefu, ubale wa ngongole uja wofika ku Limbe, sichidagulidwe nawo. Masitolo a Chipiku adatsegulidwa kuti amalonda aziodako katundu, koma wopanda mpamba adakhalabe wopanda mpamba. Patangopita zaka zochepa masitolo ambiri adatsekedwa. Mizere yake ikuonekabe m'malo ochitira malonda akale, makhonde a nsanamira ali chilili, ena atasanduka matchalitchi, ena mosungira chimanga. Telala wa pa khonde adataya ogula nsalu, ndipo kaunjika adadzamutsiriza. Amene adapirira kawirikawiri ndi aja adakwera pang'onopang'ono kuchokera pa okala, odziwa kuwerenga phindu la paketi imodzi ya shuga.

Mdani wina wa malonda a pabanja adali maliro a mwini wake. Mkamwini womanga golosale kwa mkazi wake akamwalira, abale ake, makamaka ana a mlongo wake, ankati chumacho n'chakwawo, pamene mkazi ndi ana ankati adakhetsera limodzi thukuta. Pa tsiku lometa katundu ankagawidwa: sikelo uku, makina uko, nyumba n'kutsala ndi mashelefu okha. Amuna ochenjera ankamanga pa msika kapena pa siteshoni, pamalo posakhala kuchimuna kapena kuchikazi. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidaika mkazi ndi ana patsogolo ndi kutsindika kuti kulanda chuma ndi mlandu, koma lidapeza masitolo ambiri a m'badwo woyamba atatha kale. Ochepa amene adadutsa pa maliro a oyambitsa amaonetsa zimene zikadatheka. Alford Nalilo Khoromana adayamba m'zaka za m'ma 1970 kukonza tsabola wa m'botolo ku Thyolo, pogwiritsa ntchito tsabola wolimidwa ndi alimi wamba. Iye atamwalira banja lake lidapitiriza, ndipo botolo la Nali, ndi chenjezo lake loti "Abale samalani", lafika m'masitolo a mayiko akutali.

Mabanja ena sadafune sitolo konse. Ku Thekerani, Molere ndi Masambanjati nthochi zidali sitolo, banki ndi fizi ya sukulu, malole akunyamula mikoko usiku ndi usana kupita ku Blantyre ndi Lilongwe, kufikira matenda a chisaka adapululutsa minda yake m'zaka za m'ma 2000, misika ya m'tauni n'kuyamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Kubzalanso kwayamba ndi mbewu yopanda matenda, koma pa malo amene akucheperachepera.

Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo ndi oposa 680,000 m'boma la Mulanje, ndipo mabanja ambiri amalima malo osakwana theka la hekitala, moyang'anana ndi tiyi wobiriwira mpaka pomwe maso alekezera. Pakati pa 2004 ndi 2011 boma, mothandizidwa ndi World Bank, lidayendetsa ndondomeko ya Kudzigulira Malo. Mabanja osowa malo ankapanga gulu, kusankha munda umene mwini wake wavomera kugulitsa, n'kupatsidwa ndalama zogulira ndi zoyambira moyo watsopano, banja lililonse pafupifupi mahekitala 2. Minda imene idapezeka sidali ya tiyi. Yambiri idali minda yakale ya fodya ku Machinga ndi Mangochi. Mabanja oposa 15,000 adalandira malo, ndipo mwa iwo mudali ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, amene adakwera malole ndi makasu, miphika ndi mbewu ya nandolo, patapita zaka pafupifupi 100 kuchokera pamene agogo a ambiri a iwo adawoloka malire kufunafuna pokhala. Kumeneko adafikanso ngati obwera. Ambiri adakhazikika nakolola chimanga choposa chimene adachionapo kwawo. Ena, ataona kutalika kwa madzi, chipatala ndi sukulu, adabwerera kumphepete kwa tiyi.